Libbok kunja, benchi ya 7-1 pa fainolo ya Rugby World Cup ya 2023: akochi a Springboks, timu ya South Africa, akuganiza chiyani?

Mtchona_Bellville
Abale anga, mwaiona timu yomwe atulutsa m'mawa uno? Ine mtima wandiwawa. Manie Libbok mulibe, ngakhale pa benchi. Cobus Reinach nayenso mulibe. Oyamba ndi Pollard ndi Faf de Klerk, ndiye pa benchi akhazikapo amuna akutsogolo 7 ndi wakumbuyo mmodzi yekha, Willie le Roux. Loweruka tikukumana ndi New Zealand pa fainolo, si Romania ayi. Faf akavulala mpira utangoyamba alowa ndani? Ndipo Libbok, mnyamata amene wanyamula nambala 10 chaka chonse, Pollard ali chigonere ndi mwendo, lero amulavula ngati makoko a nzimbe. Amene mukumvetsa nzeru za akochi athu Nienaber ndi Rassie ndithandizeni, chifukwa ine zandikanika.

Kabaza_Ndirande
Achimwene, pa semifainolo ndi England munaonera mpira womwewo umene tinaonera ife? Libbok anali atasokonekera. Kukanakhala kumusiya, bwenzi pano tikukamba zolimbirana nambala 3.

Mtchona_Bellville
Tsiku limodzi loipa, pamvula, ndiye aiwale zonse? Mpira uja anamenya osayang'ana n'komwe pa Scotland, n'kugwera m'manja mwa Arendse, mwauiwala kale?

AnaPhiri_Leicester
Ndiyankhepo ine, popeza Pollard amasewera kuno kwathu ku Tigers ndipo ndamuonera ndi maso kangapo. Libbok ndimamukonda. Akagwira mpira timu yonse imathamanga, ndipo ma try (kugoletsa poika mpira pansi kuseri kwa mzere wa timu inayo) ambiri okoma a chaka chino anayambira m'manja mwake. Koma taonani mmene masewero atatu akuluakulu apitawa ayendera. Ndi Ireland tinagonja 13-8 titataya mapointi 11 pa mateche ophonya, ena a Libbok, ena a Faf. Ndi France tinapambana 29-28, ndipo penate ya patali ija anamenya Pollard. Ndi England 16-15, Pollard yemweyo, kutatsala mphindi ziwiri, pafupi ndi mzere wapakati, mpira wonyowa. Chibwerereni m'timu sanaphonyepo ngakhale kamodzi.

Fainolo kawirikawiri sikhala ya ma try ambiri. 1995 inatha 15-12 popanda try. 2007 inatha 15-6 popanda try. Nanga kochi amene akudziwa zimenezi asankha ndani? Kumene ndikugwirizana nanu ndi pa benchi. Libbok akanakhalapo, chifukwa ngati titatsalira ndi mapointi 10 m'chigawo chachiwiri, iye ndi amene angatsegule chitseko.

Mlonda_Randburg
Zoona zimenezo amayi. Pa fainolo tikufuna phazi losanjenjemera.

Nachisale_Area25
Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kutsata rugby chaka chino chifukwa cha amuna anga amene ali ku Joni. Izi za 7-1 zikutanthauza chiyani? Ndimaona ngati ndi zigoli.

Madala_wa_Sikiramu
Mwafunsa bwino mayi, osachita manyazi. Timu imalowa ndi anthu 15. Mwa iwo, 8 ndi akutsogolo, zimphona zija zimakankhana pa sikiramu ndi kunyamulana mpira ukaponyedwa kuchokera kunja. Enawo 7 ndi akumbuyo, othamanga ndi omenya mpira. Pa benchi pamakhala anthu 8. Matimu ambiri amaikapo akutsogolo 5 ndi akumbuyo 3. Mu 2019 ku Japan, Rassie anayamba kuika 6 ndi 2, ndiye dzina lija la Bomb Squad linatchuka. Tsopano afika pa 7 ndi 1.

Cholinga chake n'chakuti chigawo chachiwiri chikangoyamba, amatulutsa pafupifupi zimphona zonse zotopa n'kulowetsa zina zatsopano, pamene anzawo akadali ndi zotopa zambiri m'bwalo. Zili ngati kulima ndi ng'ombe ziwiri m'mawa, dzuwa likakwera n'kumanga zina zimene zakhala zikupuma pamthunzi. Choopsa chake n'chimene akudandaula achimwene a ku Bellville. Akumbuyo awiri akavulala, umakakamizika kuika munthu pamalo amene si ake. Anayesa koyamba pa 25 August ku Twickenham, n'kukwapula New Zealand yomweyi 35-7. Anayesanso pa Ireland, tinagonja.

Nachisale_Area25
Zikomo bambo, tsopano ndamva. Ndiye Faf akavulala zikhala bwanji?

Madala_wa_Sikiramu
Akuti Cheslin Kolbe ndiye agwire nambala 9, malo a Faf. Mnyamatayo anasewerapo rugby ya anthu 7, manja ali nawo. Koma kunena zoona si malo ake.

Mtchona_Bellville
Mwamva nokha. Kolbe pa 9, pa fainolo ya dziko lonse, moyang'anizana ndi Aaron Smith wa New Zealand amene wakhala pamalo amenewo zaka zoposa 10. Ndiye ukamuchotsa Kolbe kumphepete wataya munthu amene anatchinga teche ya Ramos, mapointi awiri amene anatipulumutsa kwa France.

Chipata_Eagle
Ine nkhawa yanga si nambala 9 kapena 10. Ndi nambala 2, hooker, amene amaponya mpira ukatuluka kunja. Malcolm Marx atavulala bondo pokonzekera masewero, m'malo moitana hooker wina anaitana Pollard. Kuyambira pamenepo hooker weniweni ndi mmodzi yekha, Bongi Mbonambi. Womuthandiza ndi Deon Fourie, bambo wa zaka 37 amene zaka zapitazi wakhala akusewera malo ena, ngati flank. Bongi anasewera mphindi zonse 80 pa England, ndipo sabata yonseyi wakhala ndi nkhani pamutu, ya Tom Curry wa England amene akuti Bongi anamutukwana ndi mawu a tsankho. Lero World Rugby yanena kuti palibe umboni wokwanira, ndiye asewera, koma munthu ndi munthu, mtima sunakhazikike. Iyeyo akagwa, mipira yoponya ija Whitelock ndi Retallick a New Zealand adzangotola ngati mango.

Kabaza_Ndirande
Musatchule zimenezo akulu, mungaziitane.

Mwana_wa_Mbare
Moni nonse kuchokera ku Harare. Agogo anga anachokera ku Dedza, Chichewa changa mundikhululukire. Ine ndikufuna tikambe za ukaputeni, chifukwa palibe amene akuikhudza. Siya Kolisi ndimamulemekeza kwambiri. Koma pa France anatuluka chigawo chachiwiri chitangoyamba, pa England chimodzimodzi. Nthawi imene zinthu zinali zitathina, timu ikutsalira 15-6, amene ankalankhula ndi lefa anali Bongi. Kaputeni wotani amene nkhondo ikafika povuta iye ali pa benchi? John Smit mu 2007 sankatero. Ngati bondo silinachire bwinobwino anene, ayambe Kwagga Smith amene ali pa fomu yoopsa.

Mlonda_Randburg
Aaa, apa ndiye mwalakwitsa m'bale wanga. Kolisi musamukhudze.

Mwana_wa_Mbare
Sindikunyoza. Ndikufunsa za mpira, osati za mbiri yake.

Namadzi_Girl_PE
Ndiloleni ndiyankhe achimwene a ku Harare, chifukwa ine ndimakhala kuno ku Gqeberha ndipo ku Zwide, kwawo kwa Siya, ndimapitako kukagulitsa zovala.

Choyamba za mpira, monga mwapempha. Anavulala bondo mu April akusewera ku Sharks, anachitidwa opaleshoni, anthu ambiri n'kumati basi, World Cup yamudutsa. Pa 19 August anali m'bwalo ku Cardiff, ndipo anathandiza try yoyambirira. Munthu wotere sungamuyembekezere kuthamanga mphindi 80 sabata iliyonse. Akochi anamuuza ntchito yake: khuthula mphamvu zonse mphindi 45 kapena 50, kenako upatse mnzako. Etzebeth nayenso anamutulutsa msanga pa England, kodi Etzebeth ndi wofooka? Dongosolo la timuyi ndi limenelo, palibe mwini jezi.

Chachiwiri ndi chimene ine ndinaona. Atatuluka pa England sanakhale pansi n'kufunda jekete. Anali chiimire m'mphepete, kukuwa, kukupiza manja, ndipo RG Snyman atagoletsa try ija analumpha ngati mwana. Kaputeni wina akanatupa nkhope kuti andichotseranji pamaso pa dziko lonse. Ndiye ganizirani Libbok lero. Akamaona kuti ngakhale kaputeni amatulutsidwa ndipo sanyinyirika, iyenso apeza polimbira mtima. Kwa ine ukaputeni wake uli pamenepo.

Tsiku la France ndinaonera m'nyumba ya mayi wina amene ndimamugulitsa katundu. Tinalimo anthu oposa 20 m'chipinda chimodzi, ana pansi, kanema kakang'ono pamwamba pa firiji. Kamera ikangoonetsa nkhope ya Siya poimba nyimbo ya fuko, maso ali otseka, agogo ena amene sadziwa n'komwe malamulo a rugby ankapukuta misozi ndi mpango wa kumutu.

Mwana_wa_Mbare
Za Etzebeth mwandigwira, asisi. Koma ndikufunabe kumuona akumaliza mpira Loweruka. Ife kuno tinanyadira Beast Mtawarira, mwana wa kuno amene ankasewerera Springboks, chifukwa ankagwira ntchito mpaka thukuta litatha, matesiti 117.

Madala_wa_Sikiramu
Beast nayenso pa fainolo ya 2019 anatuluka chigawo chachiwiri chitangoyamba, n'kulowa Kitshoff. Koma anali atamaliza kale ntchito, sikiramu ya England inali itaphwasuka. Mphindi sizinena zonse, mwana wanga.

Wakumpoto_Sunnyside
Ine ndifunse funso lina, mundikhululukire. Mukuti "tinapambana," "tikukumana," ngati dziko lanu. Anthu omwewa mawa akakwiya amatitcha makwerekwere n'kutiotchera mashopu. Ine mu 2015 ndinagona masiku anayi pa tenti ku Durban, katundu wanga yense atapita. Jezi yobiriwira sindingavale. Loweruka ndili ndi All Blacks, timu ya New Zealand.

Kabaza_Ndirande
Pepani ndi zimene zinakuonekerani akulu. Palibe angakutsutseni.

Mlonda_Randburg
Ndikumva ululu wanu achimwene, nanenso 2008 ndinaiona ndi maso. Koma ine rugby ndinaiphunzira kwa mkulu wina amene ndinkamusamalira maluwa zaka 9. Loweruka lililonse ankandiitana pakhonde, nyama ili pamoto, n'kumandifotokozera chifukwa chimene lefa waimbira. Anamwalira 2019 isanafike. Mapimpi atagoletsa try ija ku Yokohama ndinalira ndekha m'kachipinda ka pageti, kukumbukira iyeyo. Ndiye ndikati "ife" ndimanena anthu ngati amenewo, ndi anyamata a ku Zwide ndi ku Humansdorp amene anakula movutika ngati ife tomwe. Amene anakuthamangitsani sindikuwaikira kumbuyo.

Wakumpoto_Sunnyside
Ndamva. Aliyense ndi chilonda chake. Komabe ndili ndi All Blacks, ndipo pa mpira weniweni ali bwino kuposa inu. Argentina anaimenya 44-6 osatuluka thukuta, anasewera Lachisanu, apuma tsiku limodzi kuposa inu. Inu mwadutsa m'moto kawiri. Will Jordan ali ndi ma try 8. Miyendo ya Vermeulen, wazaka 37, idzapirira?

AnaPhiri_Leicester
Mfundo ya kutopa ndi yoona, ndipo ndikuganiza kuti ndi chifukwa chenicheni cha 7-1. Pa England anyamata ankaoneka olemera miyendo kuyambira pachiyambi, mphamvu zinatsalira pa France. Amene anatembenuza mpira ndi olowa kuchokera pa benchi, makamaka Ox Nché pa sikiramu. Ndiye akochi aona kuti mankhwala ndi kuchulukitsa omwewo. Chimene chandidabwitsa ine n'chakuti Vincent Koch, amene anali limodzi ndi Ox pa sikiramu yomaliza ija, mulibe, alowetsa Trevor Nyakane.

Chipata_Eagle
Ndipo musaiwale kuti ku New Zealand nakonso nkhani ya kaputeni yavuta zaka ziwiri. Chaka chatha atagonja kwa Ireland kwawo komwe, anthu ankafuna kochi Ian Foster achotsedwe, Sam Cane alandidwe ukaputeni upite kwa Ardie Savea kapena Whitelock. Ankati Dalton Papali'i ali pa fomu kuposa Cane. Foster anakakamira munthu wake. Pa kotafainolo ndi Ireland, 28-24, Cane anasewera mpira umene sindinamuonepo chiyambire, ankagwetsa aliyense wobwera kutsogolo kwake. Onyoza onse anakhala chete. Foster yemweyo akudziwa kale kuti ntchito yatha, Scott Robertson anasankhidwa kumulowa m'malo mpikisano usanayambe. Anthu amene alibe chotaya ndi oopsa.

Bullets_Mpaka_Kale
Nkhani ya fomu ndi kukhulupirira munthu ili paliponse. Kumbukirani Gabadinho. Ku Orlando Pirates ankangokhala pa benchi, koma ku AFCON mu January 2022 anagoletsa ziwiri pa Zimbabwe, n'kudzaponya chija cha patali pa Morocco chimene dziko lonse linakamba. Akanati atsate zoti sakusewera ku kalabu, bwenzi titamusiya.

Mwana_wa_Mbare
Zigoli ziwiri zimenezo musandikumbutse, kunyumba kwathu tinagawikana pakati, bambo anga mbali ya Flames, ife ana mbali ya Warriors.

Kabaza_Ndirande
Chitsanzo cha Gaba chikuikira kumbuyo Pollard. Nayenso anangosewera theka la ola ku kalabu yake asanaitanidwe ku France.

Mtchona_Bellville
Ayi, chikuikira kumbuyo Libbok. Munthu waluso umamupatsa bwalo, sumuweruza ndi tsiku limodzi. Ine chimene chikundipweteka ndi mmene anamutulutsira pa England, pa mphindi 31, chigawo choyamba chisanathe. Ndinali pa shifiti ya usiku, tikuonera pa foni ya mnzanga kuseri kwa khitchini. Kamera inamuonetsa akuyenda kupita kunja, nkhope ili pansi. Ndimamuonera ku Stormers kuyambira pamene anafika, atalephera kukhazikika ku Bulls ndi ku Sharks, anthu atamutaya kale. Mu 2022 anatithandiza kutenga chikho cha makalabu cha URC, ndi teche yake ya kumphepete pa semifainolo ndi Ulster, nthawi itatha kale. Ndiye akamati sangathe kumenya pamene pathina, ine ndimakana, ndinaona ndekha. Mwana ngati ameneyu ukamuchititsa manyazi kawiri pa sabata imodzi, ukhoza kumuthyola mpaka kalekale.

Namadzi_Girl_PE
Achimwene, apa mwalankhula zoona, ndipo inenso zinandikhudza. Koma mwina akumuteteza. Tayerekezani alowe, aphonye teche yomaliza pa fainolo ndi New Zealand. Dziko lino mumalidziwa pakamwa pake. Reinach anangosewera bwino pa France, anthu ena a kumeneko n'kumutumizira mauthenga oopseza moyo wake ndi banja lake. Nanga wophonya pa fainolo angamuchite zotani?

Mtchona_Bellville
Kuteteza munthu pomubisa? Iye akanafunsidwa akanasankha kulowa.

Madala_wa_Sikiramu
Aliyense mwa anthu 33 aja akanasankha kulowa. Malo ndi 23. Andre Esterhuizen wasewera bwino nthawi zonse zimene wapatsidwa mpata, Canan Moodie chimodzimodzi, Lukhanyo Am anaitanidwa Mapimpi atavulala ndipo sanakhudzeko mpira. Onsewo adzakhala pa mipando atavala masuti. Ine zaka zimene ndatsata timuyi, chimene Rassie anasintha chiyambire 2018 n'chakuti amauza osewera onse pamodzi, poyera, chifukwa chimene wina walowa ndi wina watsala. Osewera eni ake amanena zimenezi akamafunsidwa ndi atolankhani. Kale kunali magulu, a ku Bulls uku, a ku Cape uku, ndipo mu 2016 ndi 2017 tinaona zotsatira zake: kugonja kwa Italy, kenako 57-0 ku New Zealand. Amene tinaonera 57-0 sitidandaula kwambiri ndi benchi.

Nachisale_Area25
Mpirawo uyamba nthawi yanji kuno kumudzi? Ndipo a ku Lilongwe mukuonera kuti?

Bullets_Mpaka_Kale
9 koloko usiku, nthawi ndi imodzi ndi ya ku Joni ndi ku Paris. Ife tikusonkhana kwa mnzathu amene ali ndi intaneti yolimba, aliyense asonkhe ya bandulo. Mundilembere kumbali.

AnaPhiri_Leicester
Kuno ku UK ndi 8 koloko. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Philippines, ndimugwirira Lamlungu lonse.

Chipata_Eagle
Fainolo yayamba, mphindi zitatu zokha! Bongi wagwa, wagwira bondo. Ndinanena ine, abale.

Kabaza_Ndirande
Frizell wa New Zealand wapatsidwa khadi yachikasu, koma ife tataya hooker mpira wonse. Fourie walowa. Mulungu atithandize.

Mlonda_Randburg
Khadi yachikasu ya Cane yasanduka yofiira! Phewa pamutu pa Kriel. Atsala 14 mpaka kumapeto.

Wakumpoto_Sunnyside
Mtima wanga wasweka. Munthu amene wapirira zonyoza zaka zonsezi.

Mwana_wa_Mbare
Tsopano Kolisi nayenso yachikasu, wagundana mutu ndi Savea. Ikasanduka yofiira makaputeni onse awiri athera panja.

Namadzi_Girl_PE
Yakhala yachikasu, wabwerera. Manja anga akunjenjemera, sindithanso kulemba.

Kabaza_Ndirande
12-11!!! Zatha! Chikho tatenga kachinayi!

AnaPhiri_Leicester
Mwadzuka bwanji nonse. Sindinagone, ndipo ndikulemba ndili m'basi kupita ku shifiti ija ndinalonjeza. Ndikufuna tibwerere ku funso la achimwene a ku Bellville mwachilungamo, chifukwa kupambana kumaphimba zambiri.

Pa Pollard akochi analondola. Mapenate anayi, onse analowa, ndipo mapointi athu onse 12 ndi omwewo. Mbali inayo Mo'unga anaphonya teche ya pambuyo pa try ya Beauden Barrett, Jordie Barrett n'kuphonya penate ya patali kumapeto. Kusiyana kwa matimu awiriwa kunali phazi.

Koma pa zina tinapulumukira pa kabowo ka singano. Chimene ankaopa a ku Chipata chinachitikadi, ndipo mipira yoponya ingapo inatayika chifukwa Fourie si ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ngakhale bamboyo anamenya nkhondo yoopsa pansi. Faf anasewera mphindi zonse 80 popanda womulandira. Ndipo Kolbe, amene amati ndiye nambala 9 wachiwiri, anapatsidwa khadi yachikasu kutatsala mphindi 7, n'kukhala pampando ataphimba nkhope ndi jezi, osafuna kuona. Faf akanagwa nthawi imeneyo tikanatani? Chinanso, tinalimbana ndi anthu 14 okha kwa nthawi yaitali koma chigawo chachiwiri chonse sitinapeze pointi ngakhale imodzi. Pamenepo ndi pamene ndinamukumbukira Libbok.

Mtchona_Bellville
Zikomo amayi ponena zimenezo, chifukwa ndikanazinena ine akanati ndi nsanje. Ndasangalala, ndinakuwa mpaka mawu atha, anzanga a ku Congo amene timagwira nawo ntchito anandinyamula m'mwamba. Pa Pollard ndavomera, ndinalakwa. Koma pa benchi sindisintha. Anthu 15 pa anthu 14, mipata inalipo kumphepete, panalibe woitsegula. Kolisi yemwe anali ndi mpata chigawo chachiwiri chitangoyamba, anzake ali pambali pake, anachedwa kupatsira. Arendse naye anatsala pang'ono kugwira mpira uja pamzere. Imodzi mwa imeneyo ikanalowa sitikanafika pogwira mtima m'manja mpaka sikiramu yomaliza.

Madala_wa_Sikiramu
Koma musaiwale chimene 7-1 inagula. Mphindi 20 zomaliza New Zealand inkabwera ngati madzi osefukira, ndipo amene ankaitchinga anali Kwagga, Snyman, Kleyn, Wiese, Ox, anthu a miyendo yatsopano. Kwagga analanda mipira m'manja mwa anthu pamene tikanamira. Ndiye pali Pieter-Steph du Toit, amene sanatuluke n'komwe: anagwetsa anthu ka 28. Jordie Barrett adzamulota mnyamata ameneyu. Munthu amene mu 2020 anatsala pang'ono kudulidwa mwendo.

Mwana_wa_Mbare
Ine ndabwera kudzabweza mawu anga pang'ono. Kolisi anakhala m'bwalo mpaka chakumapeto, ndipo atabwerera kuchokera pa khadi ija anagwira ntchito ngati wamisala. Koma chimene chinandigwira ndi pamene lefa Wayne Barnes anaimba komaliza. Sanathamangire ku kamera, anathamangira kwa Kolbe kukamukumbatira, podziwa kuti mnyamatayo ankadziona ngati waphetsa timu. Asisi a ku PE, ndamvetsa chimene munkanena.

Namadzi_Girl_PE
Kuno sikunagonedwe achimwene. Magalimoto kulira mahutala mpaka mbandakucha, ana kuthamanga mumsewu ndi mbendera. Makaputeni amene anyamula chikhochi kawiri ndi awiri okha tsopano, Richie McCaw ndi mwana wa ku Zwide. Chondimvetsa chisoni n'chakuti akupita ku Racing 92 ku Paris, ndipo Nienaber akupita ku Leinster. Sindikudziwa ngati adzapitirize ukaputeni ali kunja.

Wakumpoto_Sunnyside
Ndikuyamikireni, mwapambana. Koma ndinene za Cane. Khadi ija malinga ndi malamulo a masiku ano ndi yofiira, sindikutsutsa, sanawerame. Chimene sindikumvetsa n'chakuti ya Kolisi inakhala bwanji yachikasu pamene nayonso mutu unagunda mutu. Ndipo try ya Aaron Smith anaikana atabwerera m'mbuyo kutali kukafufuza mpira umene unagwa m'manja mwa Savea. Anyamata 14 anagoletsa try yokhayo ya mpira wonse. Cane ndi munthu woyamba kupatsidwa khadi yofiira pa fainolo ya amuna, ndipo adzayenda nazo moyo wake wonse. Nkhope yake ali pampando paja sindidzaiiwala.

Madala_wa_Sikiramu
Funso lanu ndi labwino achimwene. Oweruza a pa kanema amayang'ana zinthu zingapo: kodi mutu wakhudzidwa, mphamvu yake inali yotani, ndipo pali chochepetsa mlandu? Cane anali chiimire, phewa linapita molunjika kumutu kwa Kriel. Kolisi anali atawerama m'chiuno, mphamvu yambiri inayamba kugunda thupi, ndipo Savea anali akutera kuchokera m'mwamba. Ndiye anati pali chochepetsa. Mukhoza kutsutsa, a ku New Zealand ambiri akutsutsa, koma njira yake ndi imeneyo. Za Cane ndikugwirizana nanu, palibe wokonda rugby amene anasangalala kumuona atakhala paja.

Nachisale_Area25
Ine ndinaonera mpaka kumapeto, ndipo pa sikiramu yomaliza ndinapezeka ndagwada pansi. Amuna anga anaimba foni 11 koloko usiku akulira. Funso langa, Libbok naye walandira mendulo ngakhale sanasewere?

AnaPhiri_Leicester
Eya mayi, onse a m'gululo alandira, ngakhale Marx ndi Mapimpi amene anavulala anabwerera ku Paris kudzakhala ndi anzawo.

Bullets_Mpaka_Kale
A ku Joni mwamva? Ramaphosa walengeza kuti pa 15 December ndi holide. Ife kuno tingomva nsanje.

Mlonda_Randburg
Alonda holide sitiidziwa achimwene, geti silitsekedwa. Koma Lachinayi chikho chikuzungulira Pretoria, Joburg ndi Soweto, ndapempha kale mnzanga andigwirire masana.

Mtchona_Bellville
Kuno ku Cape Town ndi Lachisanu. Ndikwera sitima ya m'mawa kuti ndikapeze malo kutsogolo pafupi ndi City Hall. Ndivala jezi yanga ya Stormers, osati yobiriwira, ndipo ndagula kale katoni ndi penti. Mwana wanga wamkazi ndiye akulemba zilembozo chifukwa dzanja lake ndi labwino, nambala 10 yaikulu ndi dzina la Manie pansi pake. Amene muli mbali ya Bellville ndi Parow ndipo mukufuna tipitire limodzi, tikumane pa siteshoni 7 koloko.